GALIMOTO TAGULA TOKHA, NANGA NAMBALA MUKUTIKANIZIRANJI?

Achinyamata anzathu a ku Mitundu, Nathenje, Kamphata mpaka pa mlatho wa Diamphwe, ndi inu nonse amene mukusaka m'tauni, ku Kawale, Chinsapo, Area 23, Area 36, koma kwanu ndi kuno: uthengawu ndi wautali. Tikudziwa bandulo ndi yodula. Komabe werengani mpaka pansi, kenako mutumize ku magulu anu onse.

Masiku ano foni zathu sizikupuma. Uyu akuti njinga yanga yagwidwa pa rodibuloko. Uyu akuti Sienta yanga yagona kupolisi masiku atatu. Wina akuti galimoto yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni ili kuseri kwa nkhokwe kwa agogo ake, anaifunditsa lona, matayala anaphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Mlandu wake ndi umodzi: ilibe nambala ya kuno, ilibe mapepala. Ndiye mabwana akakhala pa wailesi amangoti achinyamata a masiku ano safuna kutsata malamulo.

Limenelo ndi bodza. Palibe munthu amene amagula chinthu cha mamiliyoni n'cholinga choti aziyenda nacho usiku ngati fisi, kudutsa m'tinjira ta m'munda kuthawa yunifolomu. Aliyense amafuna nambala yake ya LL, blue book yake m'thumba, mtima uli m'malo. Koma njira yochoka pogula kukafika pa nambala anaitchera misampha, ndipo misampha yake imakola osauka okha. Tiyeni tiiyende limodzi kuti muone pomwe mnyamata wa ku Diamphwe amagwera.

Kuno sitipanga galimoto. Iliyonse yomwe mukuiona pa M1 inachokera kunja, ndipo za ife anthu wamba zambiri ndi zakale za ku Japan: Sienta, Probox, Vitz, Passo, Mira, Freed. Mnyamata amatsegula Be Forward kapena SBT pa foni, waona Sienta yooneka bho, koma mtengo wake uli m'madola. Msampha woyamba ndi womwewo. Pa bolodi ya ku banki dola imalembedwa cha m'ma K1,750, koma talowani mukaipemphe. Lembani fomu, dikirani, tikuimbirani. Foni yake siilira. Mapeto ake ndi pa bulaki, pomwe dola yomweyo amaigula mtengo woposa kawiri. Ndipo tisaiwale msanga: mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Amene ankaunjika ndalama za soya ndi mtedza ku banki m'khonde anagona ali ndi Sienta yathunthu, podzuka anali ndi matayala ndi chiwongolero basi.

Tinene kuti walimba mtima, walipira. Galimoto ikhala panyanja mwezi ndi kupitirira, n'kudzatsikira pa doko la Dar es Salaam. Pamenepo pali ejenti wofuna zake, doko likufuna zake, dalaivala wa ma IT akufuna zake, mafuta ndi ako. Makilomita oposa 900 kudutsa Morogoro, Mikumi, Iringa, Makambako, Uyole, Tukuyu mpaka pa Kasumulu, iwe uli ku Nathenje tulo osagona, kupemphera kuti dalaivala asanyamule matumba a mpunga ndi anthu asanu ndi atatu m'galimoto yomwe sunaikhudzepo n'komwe. Ikawoloka mtsinje wa Songwe mtima umati phee, yafika kwathu. Ayi ndithu. Pamenepo mpomwe nkhondo imayambira.

Msonkho wa galimoto si umodzi. Muli duty, muli excise, muli VAT. Ndipo excise imakwera galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu. Tamvetsani bwino pamenepa: amene ali ndi ndalama zogulira galimoto ya chaka chatha amalipira gawo laling'ono poyerekeza ndi mtengo wa galimoto yake, pomwe iwe amene thumba lako langokwanira ya zaka khumi ndi zingapo ndi amene ukulangidwa chifukwa cha umphawi wako. Mu 2023 anasinthanso kawerengedwe, msonkho wa galimoto zambiri zakale n'kuyamba kutengera mtundu, chaka ndi injini m'malo mwa mtengo wa pa invoice. Ogulitsa galimoto analira, koma iwo amangokankhira mtengowo kwa ogula. Amene analira zenizeni ndi munthu wogula imodzi yokha pa moyo wake wonse. Bajeti ikasintha, kapena kwacha ikagwa galimoto yako ili pakati pa nyanja, palibe amene amakufunsa kuti unawerengera zingati. Ukalephera kuombola, galimoto imakhala pamenepo, ndalama ya malo osungira ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lina udzamva kuti yalowa pa okushoni. Amene amagula pa okushonipo si anyamata a ku Kamphata, mukudziwa nokha.

Abale athu a ku Joni nawo ali ndi mtanda wawo. Munthu wagwira ntchito ya m'galadeni kapena pa filling station zaka zisanu, kugona anayi m'chipinda chimodzi, wagula bakkie yoti akayambire geni kumudzi. Kuti ituluke mu South Africa mwalamulo pamafunika clearance ya apolisi ya SARPCCO yosonyeza kuti si yakuba. Kenako Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kudzalowera pa Dedza kapena pa Mwanza. Lamulo lilipo ndithu loti Mmalawi wobwerera kwawo atakhala kunja nthawi yaitali atha kulowetsa galimoto yake popanda msonkho, koma limafuna umboni wa mapepala: kuti unkakhala kumeneko movomerezeka, kuti galimotoyo inali m'dzina lako kwa nthawi ndithu. Tsono ambiri mwa abale athuwa anapita bwanji ku Joni? Eti, tonse tikudziwa. Dziko linawalephera ntchito, anapita opanda pemiti, galimoto analembetsa m'dzina la mnzawo wa mapepala. Lamulo lija limathandiza amene anapita kunja pa ndege, osati amene anapita pa basi. Ndiye amalowa ndi TIP, chilolezo cha masiku owerengeka ngati mlendo m'dziko la makolo ake, masiku akatha galimoto ya nambala ya GP ija imakafunditsidwa lona kwa agogo.

Za njinga zamoto ndiye musachite kufunsa. Kuno ku Mitundu ndi ku Diamphwe malire a Mozambique ali pafupi, ndipo ma Lifo ambiri amene akunyamula anthu pa ma siteji athu anachokera kumeneko chifukwa ndi komwe mtengo umafikirika. Mnyamata wagulitsa fodya, kapena watenga ngongole, kapena akuyendetsa ya bwana wina yemwe amafuna yake madzulo alionse. Kuti njinga imeneyo ikhale yovomerezeka afunika kuiombola ku MRA, kuilembetsa, kuigulira inshuwalansi, iye mwini n'kukhala ndi laisensi. Muwerengere zonsezo pamodzi, muyerekeze ndi zomwe wakabaza amapeza pa tsiku atachotsa mafuta ndi ya bwana. Kenako mubwere mudzatiuze kuti ndi mwano chabe.

Tsopano amene wadutsa zonsezi, msonkho walipira, akuganiza kuti watha. Pali kupolisi kukatenga clearance ya Interpol. Pali ku Road Traffic: Traffic Register Card, kudinda zala mu MalTIS, kuyezetsa galimoto kuti upeze COF, kulembetsa, kukadinditsa nambala puleti, inshuwalansi. Ku Mitundu kulibe ofesi ya Road Traffic. Ku Nathenje kulibe. Zonse ndi m'tauni, ndipo ulendo uliwonse ndi thiransipoti, ndi chakudya, ndi tsiku lathunthu losagwira ntchito. MalTIS yatsopano inabwera mu 2015 ndi malonjezo akuti kompyuta ithetsa mizere ndi ziphuphu. Papita zaka zoposa khumi, funsani aliyense m'dziko muno tanthauzo la mawu akuti dobadoba, ngakhale mwana wa pulayimale akuuzani.

Mmodzi mwa ife amene tikulemba uthengawu anayenda kanayi ku ofesi ina ya boma m'tauni pa pepala limodzi lokha. Tsiku loyamba netiweki yagwa. Lachiwiri wosayina wapita ku maliro. Lachitatu fayilo sikuoneka. Lachinayi, ali pa benchi nkhope yagwa, kunabwera mkulu wina wovala jekete wopanda baji, n'kunong'ona kuti: “Achimwene, mwavutika mokwanira, tapangani ya fanta tikuthandizeni.” Fanta yake inali yokwana thumba la feteleza. Pasanathe ola limodzi netiweki inadzuka, wosayina anabwera ku maliro, fayilo inapezeka. Anapereka, inde, ndipo sakunyadira. Koma tamufunseni amene akuti achinyamata sakonda malamulo: amene anaphwanya lamulo poyamba tsiku limenelo ndani?

Dobadoba sagwa kumwamba. Amamera pomwe mzere wachedwetsedwa dala. Munthu wopanda baji sangatulutse pepala la boma ngati mkatimo mulibe wa baji amene akudya naye.

Apa tsopano ndi pomwe magazi amawira. Pamene iwe ukugulitsa mbuzi za amayi ako kuti uombole Probox ya zaka 15, phungu wa Nyumba ya Malamulo amaloledwa kulowetsa galimoto ziwiri popanda msonkho pa teremu yake. Kuyambira chisankho cha pa 16 September 2025 mipando ya aphungu ndi 229, kuchoka pa 193. Chulukitsani nokha ndi ziwiri. Ndipo si ma Mira amenewo ayi, ndi zigalimoto za injini zikuluzikulu zomwe msonkho wa imodzi yokha ungaombole njinga za siteji yonse ya pa Mitundu. Nduna nazo zili ndi mwayi wawo, pamwamba pa ma MG omwe timawagulira ife, mafuta n'kuwathirira ife. Ndipo anthu amenewa ndi omwewo amene amakhala m'nyumba ija ku City Centre n'kuvomereza bajeti yokweza msonkho wa galimoto yako. Amakweza mpanda womwe iwo sadzaulumpha, poti anadzisiyira geti. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Makoswe athuwa mkhate wake anachita kuumba okha.

Musatiuze kuti mwayi wa duty free sugwiritsidwa ntchito molakwika. Dziko lonse likukumbukira nkhani ya simenti yomwe inaphulika mu 2020, pomwe zinamveka kuti TPIN ya mtsogoleri wa dziko inagwiritsidwa ntchito kulowetsa simenti wa mabiliyoni popanda msonkho. Geti la akuluakulu likatseguka pamadutsa mathiraki. Geti la ife ngakhale Lifo siikwana. Ndipo tisanamizane za zipani pano: maboma asintha, mitundu ya nsalu yasintha, koma pa nkhani ya galimoto zawo zaulere aphungu a mbali zonse amagwirizana ngati ana a mimba imodzi.

Tikudziwa zomwe ayankhe. Ati galimoto zakale zimawononga mpweya, zimatha forex, ndipo boma likufuna msonkho wogulira mankhwala. Zina mwa izo n'zoona, sitikana. Msonkho tikufuna kulipira, ndipo timalipira kale pa lita iliyonse ya petulo, pa eyataimu, pa sopo, pa toll gate ya Kalinyeke ndi ya Chingeni. Koma ngati nkhawa yanu ndi forex, yambani ndi V8 imodzi yomwe madola ake angagule ma Sienta khumi. Ngati nkhawa yanu ndi mankhwala, tsekani geti lomwe msonkho ukuthawira. Ndipo ngati simukufuna galimoto zakale, tiuzeni tikwere chiyani. Basi ya boma yopita ku midzi ya ku Diamphwe ili kuti? Mayi akayamba kudwala mimba pakati pa usiku kutali ndi msewu wa tala, amene amamufikitsa ku Mitundu Community Hospital kapena ku Nkhoma ndi wakabaza yemweyo mukumutcha chigawenga, kapena Sienta yomweyo mwaigoneka kupolisi. Tomato, kabichi ndi mbatata zomwe mabwana amagula pa Wakawaka sizibwera pa Prado. Munatilonjeza ntchito 1 miliyoni mu 2020, sitinazione. Anyamata adzipangira okha ntchito ndi mawilo awiri kapena anayi, inu n'kuima pa msewu kudikira kuwalanda.

Koma tsopano ma guys, tiyankhulane tokhatokha, chifukwa pagulu pano sitinamizana. Kuyenda opanda mapepala kukutipweteka ife tomwe kuposa boma. Njinga yopanda nambala ilibe inshuwalansi. Ukagunda mwana wa eni ake pa Nathenje, palibe kampani yomwe ilipire chipatala, ndi iweyo ndi banja lako, munda n'kupita. Pitani ku Kamuzu Central Hospital, ku LION kuja, mukaone anzathu amene agona ndi zitsulo m'miyendo. Ena mwa iwo analibe chipewa, ena ananyamula anthu atatu, ena anaphunzira kuyendetsa dzulo lake pa bwalo la mpira. Zimenezo si za MRA, ndi zathu. Komanso akuba amakonda njinga yopanda nambala chifukwa ikapita yapita. Anzathu akabaza akhala akuvulazidwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha njinga zawo, ndipo ngakhale itapezeka, ukaloza kuti ndi yako ndi pepala liti? Nanga amene mukugula galimoto ya nambala yakunja pa mtengo wokoma osafunsa SARPCCO, mukudziwa bwanji kuti mwini wake weniweni sakulira ku Johannesburg? Tsiku lomwe Interpol idzaione, ndalama zapita, galimoto yapita, iwe uli m'chitokosi. Ndiye nkhondo yathu si yoti atisiye tiziyenda opanda nambala. Nkhondo yathu ndi yoti nambalayo ifikirike.

Chachikulu chomwe tikufuna ndi ichi: mwayi wa galimoto zaulere wa aphungu ndi nduna uthe. Usachepetsedwe, uthe. Phungu akafuna galimoto akaime pa Songwe ngati ife, ndi calculator m'manja ngati ife, amve kutentha komwe timamva. Tsiku lomwe aphungu 229 adzalipire msonkho wa galimoto zawo, mudzaona momwe msonkhowo udzatsikire mofulumira, sipadzafunikanso ife kuguba.

Tikufunanso kuti Road Traffic, MRA ndi apolisi azibwera limodzi ku Mitundu ndi ku Nathenje pa masiku odziwika, ndi makina awo, munthu n'kumaliza zonse pa tebulo limodzi tsiku limodzi. Musati n'zosatheka. Nthawi ya kalembera wa mavoti makina amafika mpaka pa sukulu ya kumudzi kwenikweni, ndi sola yomwe, zala n'kudindidwa pansi pa mtengo wa mango. Voti yathu mumaitsatira kumudzi, nanga nambala yathu bwanji? Njinga ndi galimoto zomwe zili kale m'dziko muno zipatsidwe nyengo yolembetsa popanda chindapusa, msonkho wake uzilipiridwa pang'onopang'ono, bola zitsimikizike kuti si zakuba. Boma lipezapo ndalama zomwe pano sakuziona n'komwe, chifukwa galimoto ya pansi pa lona siilipira kalikonse.

Mitengo yonse, ya msonkho ndi ya ku Road Traffic, imatidwe pa khoma m'Chichewa, pa boda ndi pa ofesi iliyonse, ndi masiku omwe pepala lililonse liyenera kutuluka. Ndipo munthu akalipira galimoto yake kunja, msonkho wake ukhale wa tsiku lomwe analipira, osati kumusinthira ili panyanja.

Nazi zoti tichite. Aliyense amene anaombolapo galimoto kapena njinga, kapena amene yake inagwidwa, atumize kwa ma admin chithunzi cha malisiti ake. Phimbani dzina, nambala ya foni ndi nambala ya galimoto musanajambule. Lembaninso ndalama zomwe munapereka zopanda lisiti, kuti zinali zingati ndiponso pa sitepe iti, popanda kutchula dzina la munthu. Tikufuna tikaime pamaso pawo ndi mapepala, osati ndi mkwiyo wokha, chifukwa mkwiyo amauyankha ndi teargas koma lisiti alibe nalo yankho. Amene muli ndi umboni weniweni wa ziphuphu, malo ake ndi ku ACB, ndipo tikuperekezani.

Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo ndi lathu tonse, si la atolankhani okha. Tikulemba kalata ku MRA ndi ku Nyumba ya Malamulo kufunsa mafunso awiri: ndi galimoto zingati za aphungu ndi nduna zomwe zalowa popanda msonkho m'zaka zisanu zapitazi, ndipo msonkho womwe unakhululukidwa ndi ndalama zingati? Yankho lililonse lomwe libwere tidzaliponya pano momwe lilili. Akakhala chete, tidzakuuzaninso kuti akhala chete masiku angati.

Phungu wa dera lanu akabwera pa maliro kapena pa mpira, musamuombere m'manja chifukwa cha yunifolomu ya timu. Mufunseni mwaulemu, anthu akumva: “Olemekezeka, galimoto mwabwera nayoyi munalipira msonkho wa ndalama zingati?” Jambulani yankho lake.

Za kuguba tikuuzani pagulu pompano malisiti akakwana. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wochita zionetsero mwamtendere, ndipo tidzadziwitsa ofesi ya DC wa Lilongwe maola 48 tsikulo lisanafike monga lamulo likunenera. Amene akuganiza zodzaphwanya mashopu a amalume athu pa Nathenje kapena kuotcha matayala pa M1, akhale kunyumba, si wathu. Akabaza mudzabwere ndi zipewa zanu, munthu mmodzi kumbuyo. Ma admin a ku Mitundu, Nathenje ndi Kamphata, malisiti mukhale mutawasonkhanitsa pofika Lamlungu madzulo.